Asilikali a M'mwendo mwa Mzime

Amuna anga ndi mlonda pa geti la nyumba yosungira matayala. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akuima pamenepo masana onse, chibonga m'manja, ndipo sanagwirepo wakuba ngakhale mmodzi. Iwo amati ndiwo umboni wa luso lawo. Ine ndimati ndani angasenze tayala la thirakitala dzuwa likuswa mtengo, koma ndimanenera mumtima.

Mzime wathu, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anayamba kudandaula mwendo, m'munsi mwa bondo. Patapita mwezi anati fupa lochokera pakhosi kupita kuphewa. Kenako kakolo. Bambo ake anaseka.

"Dzulo mwendo, lero phewa, mawa udzati tsitsi likupweteka. Matenda akowa amadziwa tsiku la masamu. Bodza ayi. Nyamula chikwama."

Ananyamula, n'kumapita kusukulu akutsimphina. Ine sindinamuikire kumbuyo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Mwendo utatupa m'pamene tinathamangira kuchipatala. Atajambula anati fupa latupa, mwina mwalowa tizilombo. Anamubaya majekeseni milungu isanu ndi umodzi, osasintha. Kenako anachotsa kachidutswa ka fupalo n'kukaika m'kambale kuti aone ngati mumere tizilomboto. Amuna anga anazitenga ngati munda wawo. Tsiku lililonse akaweruka ankadutsira pa windo la chipinda choyezera.

"Zamera?"

"Sizinamere, bambo."

"Koma mukuthirira?"

Pomaliza anatitumiza kwa dokotala wa ana, mayi wamfupi wolankhula modekha.

"Nkhani yabwino ndi yoti si khansa, komanso m'fupamo mulibe kachilombo kalikonse," anatero adokotala.

"Ndiye wakuba ndani?" anafunsa amuna anga.

"Palibe. M'thupi mwa munthu muli asilikali otiteteza ku matenda. Asilikali a mwana wanuyu akumenya fupa lake lomwe popanda mdani. Akamenya apa, amasamukira pena. Zimachitikira ana ena, ngakhale si kawirikawiri."

Ndinkaganiza kuti amuna anga akwiya. Ayi ndithu, nkhope inawala ngati aona mbale wawo pa depoti.

"Ndamvetsa bwino kwambiri. Kumeneko ndi kusowa chochita. Ine chaka chatha ndinawasecha abwana anga kawiri. Mkulu wa asilikaliwo ndani? Ndikufuna ndilankhule naye."

Adokotala anakonza magalasi awo. Anatipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa, kumwa kawiri pa tsiku atadya, kwa miyezi yambiri. Kenako anasiya kumwetulira.

"Matendawa amabisala. Pakayamba kupweteka malo atsopano mundiuze msanga, makamaka msana. Fupa la msana likafooka limatha kuphwanyika, ndiye pamenepo timafunika mankhwala ena a m'diripi tisanachedwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwe mwana, pali pena pamene pakupweteka?"

Mzime anayang'ana jombo za bambo ake.

"Ayi."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munayamba perete. M'mawa uliwonse amuna anga ankavala yunifomu, chipewa ndi wezulo yomwe, n'kuima njo kumapeto kwa bedi la mwana. Ankamenyera sawasha mwendo.

"Asilikali, tamverani! Ndikulankhula monga mnzanu pa ntchito. Fupa limenelo ndi katundu wa abwana. Mwalembedwa kuti mulilondere, osati kulimenya. Pumulani!"

Piritsi ankalitcha lamulo lochokera ku likulu, ndipo ankaliwerenga mokweza asanalipereke. Analembanso kalata ya chenjezo loyamba, n'kuipinda, n'kuilowetsa m'sokosi ya mwanayo kuti eni ake awerenge ali phee. Tsiku lina ndinawapeza pakhomo akukambirana ndi aneba kuti atibwereke mwana wawo wa chimfine, ati asilikali apeze wakuba weniweni. Ndinawathamangitsa ndi tsache onse awiri, amuna angawo ndi anebawo.

"Mukusokoneza ntchito ya chitetezo, mayi," ankafuula ali kuseri kwa mpanda. "Khoswe wa pamkhate sapheka, timachita kumunyengerera!"

Chokwiyitsa n'choti mwendo unaphwadi. Mapiritsi anagwira ntchito, koma ulemu wonse unapita kwa mlonda. Anayamba kuuza anzawo kuti aliyense wa nyamakazi abwere Loweruka.

Koma ine ndinkaona zina. Mzime anasiya kuwerama. Nsapato ankangozipondera kumbuyo osamanga zingwe. Pensulo ikagwa ankaitola ndi zala za kuphazi. Ndikamufunsa ankati, "Ndili bwino, amayi," mwaulemu ngati mlendo. Mantha anandigwira, koma mwana wotseka pakamwa sungamutsegule ndi supuni.

Lachiwiri lina perete anali mkati. Amuna anga anali kuyamikira asilikali a kumanzere chifukwa cha khalidwe labwino, n'kuwalonjeza kuti awakweza pa udindo.

"Pali wina ali ndi dandaulo?" anatero akuyang'ana bondo la mwanayo. "Lankhulani momasuka, ofesi yanga ndi yotsegula."

"Ababa," anatero Mzime.

"Dikira, mwanawe, ndili pa msonkhano."

"Ababa, mwendo wangawu mumaufunsa tsiku lililonse. Ine simunandifunsepo."

Wezulo inagwa pakamwa n'kulendewera pa chingwe chake. Amuna anga anaima choncho kanthawi, dzanja likadali m'mwamba. Kenako anavula chipewa. Anagwada pambali pa bedi, munthu wamkulu uja, maondo akulira, mpaka nkhope yawo inafanana msinkhu ndi ya mwana.

"Ndinalakwa, mayi wanga. Pakupweteka pati?"

Mzime anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza ngati ndi msampha. Kenako anatenga dzanja lawo lokhakhala lija, analizungulitsa kumbuyo kwake pang'onopang'ono, n'kuliika pakati pa msana.

"Apa."

"Payamba liti?"

"Kale. Tisanapite kwa adokotala aja."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Anali malo achinayi, ababa. Atatu aja munati ndi bodza."

Bambo ake anaimirira. Anamunyamula mosamala ngati dzira, n'kutuluka naye kupita kokwerera basi, ine pambuyo ndi khadi la kuchipatala. Tsiku limenelo geti la matayala linakhala lopanda mlonda.