Zimene Thanki Inakana Kudya

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula kuti a Ndinanena, ndipo dzinalo analisoka okha ndi pakamwa pawo. Mwana akagwa panjinga, "Ndinanena ine." Mvula ikapeza zovala pachingwe, "Ndinanena ine." Ngakhale magetsi akazima, iwo amakhala atanena kale. Ntchito yawo inali ya utelala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde, diso lina pasingano lina pageti.

Ndiye tangoganizani mmene mtima unawapwetekera pamene thanki ya chimbudzi, ya simenti ija yokwiriridwa kuseri kwa nyumba, inayamba kubweza madzi patangopita miyezi isanu ndi umodzi chiipopereni. Thanki imene inkatha zaka zitatu osaitanira munthu! Madzi a m'chimbudzi ankatsika monyinyirika, sinki ya kubafa ikulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Kuseri, udzu unabiriwira pamalo amodzi okha, ndipo ukapondapo nsapato imatuluka ndi fungo.

Woyamba kumukayikira anali bambo wopopa thanki uja. "Ndinamuona ndi maso angawa akusiya matope pansi, kuti tizimuitana pafupipafupi," anatero. Wachiwiri anali neba. Anayenda m'mbali mwa mpanda wonse akubaya pansi ndi ambulera, kufuna paipi imene mwina nebayo analumikiza mwakuba. Anangopeza nyongolotsi. Atatopa ndi akunja, maso anabwerera m'nyumba, ndipo anakatera pa mpongozi wawo.

Mpongoziyo anali mkazi wa mwana wawo wamwamuna, amene ankayendetsa malole a maulendo ataliatali ndipo kunyumba ankaoneka kamodzi pa miyezi iwiri. Mtsikanayo anali wofatsa, wosayankha akulu, koma kwa a Ndinanena kufatsa kumeneko ndiko kunali koopsa. Tsiku lililonse m'mawa ankadzitsekera m'bafa, mpopi ukungokhuthuka. Botolo la mankhwala oyeretsera zovala silinkatha sabata. Ndipo chowawa kuposa zonse, zidutswa za nsalu zimene ankasunga m'thumba kunsi kwa makina zinkachepa, makamaka zofewa zija zathonje.

"Apongozi, zigamba zanga zikumera miyendo?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Nanga m'bafamo mumachapa chiyani chitseko chotseka?"

Mtsikanayo anangoyang'ana zala za kumapazi.

Aa, a Ndinanena anawira. Mkazi woti mwamuna wake ali pamsewu, akubisa chiyani? Akutaya chiyani m'chimbudzi chimene akuopa kutaya kudzala? Maganizo amene anawabwerera sindingawanene onse, ena ndi olaula. Pomaliza anagamula ali chiimire pakati pa balaza.

"Mawa kukubwera wopopa. Thanki sinama. Akakatulutsamo chanu, mutenge chikwama muzipita kwanu, mwana wangayo ndikamuuza ndekha. Longedzeranitu."

Amuna awo anali pakhomo la kachipinda kawo. Anali madala opuma pantchito yosoka nsapato, ndipo masiku amenewo ankagona m'kachipinda ka zida zawo, pamatiresi apansi, ati msana sukufuna bedi.

"Amayi, musiyeni mwanayu," anatero ndi mawu otsika.

"Inu khalani chete. Za m'nyumba muno mukudziwapo chiyani? Munthu woti ngakhale kuchipatala mumachita kuthawa!"

Madalawo anatsegula pakamwa, anayang'ana mpongozi wawo, mpongoziyo n'kupukusa mutu pang'ono. A Ndinanena anaziona zimenezo, ndipo anazisunga mumtima kuti ngakhale amuna awo mtsikanayu wawanyengerera.

Kutacha, cha m'ma eyiti, chigalimoto chopopa chinalowa chobwerera m'mbuyo mpaka kuthyola nthambi ya mpanda. Wopopayo anali bambo wonenepa, wa ovolosi yobiriwira ndi majombo ofika m'mawondo, woseka asanayambe kulankhula.

"Mwandisowa msanga, mayi! Kapena mwayamba kuphikira sukulu?"

"Musandiseke. Ntchito munaigwira mwachinyengo. Lero ndiima pompano mpaka ndione simenti ya pansi."

Anadzimanga mpango pamphuno n'kuima manja ali m'chiuno. Chikwama cha mpongozi chinali kale pakhonde, pafupi ndi makina.

Wopopayo anafukula dothi, anakanula chivundikiro ndi chitsulo, n'kuwabweza m'mbuyo ndi dzanja. "Musasuzumire kaye, mpweya wa umu umagwetsa munthu. Ndikakutolani m'menemu amuna anu ndikawauza chiyani?" Atadikira pang'ono, anatenga ndodo yaitali n'kuilowetsa mpaka pansi. Ataizula, anaiyang'ana, nkhope n'kusintha.

"Onani apa. Matope angofika pamenepa, sanafike n'komwe m'bondo. Thanki yanu sinadzaze ndi zimene mukuganiza. Yafa."

"Yafa? Thanki imafa? Ndiye tilire maliro?"

"Lirani ndithu. Umu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndi timene timagaya zonyansa. Matope aja ndinasiya pansi, inu n'kunditukwana nawo mumtima, ndinasiya dala, ndiyo mbewu yake. Tizilombo tikakhala moyo, pamwamba pamakhala chikhungu chokhuthala. Apa mukuchiona? Madzi okhaokha. Alipo amene akuthira mankhwala oyeretsera tsiku ndi tsiku, watipha tonse."

A Ndinanena anatembenuka kuyang'ana kunyumba. Katani ya kukhitchini inagwedezeka.

"Komanso madzi sakutuluka kupita kudzenje limene amakamwerera pansi," anapitiriza wopopayo. "Potulukira patsekeka. Tiona chatseka."

Analiza injini, chipaipi chakuda chinanjenjemera n'kuyamba kumeza. Madzi anatsika bwinobwino mpaka theka. Kenaka chipaipicho chinatsamwa, chinakhosomola, injini n'kulira mwa mtundu wina. Wopopayo anazimitsa, anatukwana chapansipansi, n'kutenga waya wopinda kumapeto. Anakola chinthu, anakoka, chinatuluka chimtolo chakuda chodontha. Anakolanso china, n'chinanso. Anaziunjika paudzu n'kuzithira madzi a mundowa kawiri katatu.

Utoto unayamba kuoneka. Nsalu yabuluu yofewa, yotsala pa zovala za khanda la kasitomala wina. Yachikasu ya mkati mwa madiresi a sukulu. Yamaluwa ofiira imene a Ndinanena anaifuna sabata yathunthu mpaka kugubuduza makina. Zonse zinali zopindidwa kanayi, zosanjikizidwa, zosokedwa m'mbali ngati timapilo tating'ono totalika ngati chikhatho.

"Ndinanena ine!" Mawuwo anamveka mpaka kwa neba. "Apongozi! Tabwerani kuno mudzaone katundu wanu!"

Mtsikanayo anabwera akupukuta manja pachitenje. Anayang'ana mulu uja kamodzi kokha.

"Mankhwala aja mumathira ndinu?"

"Ndine, amayi."

"Nanga izi?"

Mtsikanayo anatembenuka. Anayang'ana kuwindo la kachipinda ka zida, n'kuweramitsa mutu. "Ndine, amayi."

"Zachiyani? Mukubisa chiyani m'nyumba mwanga?"

Mtsikanayo anachokapo. Anazungulira nyumba kupita kukhonde, ndipo a Ndinanena anamva chikwama chikukhukhuluzidwa pasimenti. Kunena zoona, mtima wawo unakondwa. Miyezi yonseyi anthu ankawaona ngati ankhanza, lero thanki yawachitira umboni.

Wopopayo, amene ankachita ngati sakumva, anali atanyamula kapilo kamodzi ndi waya wake akukatembenuza.

"Koma amene anasoka izi ali ndi dzanja, mayi. Chipaipi changachi chimadula mizu ya mitengo, koma ulusi uwu chaulephera. Inu atelala mumasokera ulusi wotere?"

"Ulusi wanji?"

Anawerama, mpango n'kugwa pamphuno, osautola. Ulusiwo unali wakuda, wanayiloni, wokhuthala, wopakidwa phula. Msoko wake unali wa singano ziwiri zokumana pabowo limodzi, ina kuchokera uku ina uko. Kumapeto kunalibe mfundo. Kunali kampira kakang'ono kolimba, ka ulusi wootchedwa ndi machesi kuti usamasuke. Zaka makumi anayi a Ndinanena akhala akuponda kampira kameneka m'nsapato zawo, akudandaula kuti kamabaya chala.

Anatenga kapilo kena ndi manja awo enieni, osasamala kumene kachokera. Kampira komweko. Kachitatu, chimodzimodzi.

Wopopayo anadzimenya pachipumi. "Iii, dikirani. Ulendo watha uja, madala a pano anaima pamene mwaimapo, akundifunsa mafunso ngati akufuna ntchito yanga. Anati, 'Tizilombo tanuto timadya chiyani?' Ine n'kuyankha kuti zonse. Ndinkatanthauza zonse zochoka m'mimba mwa munthu, osati nsalu! Anafunsanso kachiwiri, 'Zonse?' Ine n'kuseka, ndati zonse, bambo."

A Ndinanena sanamve zotsalazo. Anathamanga, munthu woti mawondo anasiya kalekale kuthamanga, n'kumupeza mpongozi akulimbana ndi loko wa pageti, chikwama chili pamutu. Anachigwira chikwamacho lamba.

"Mwana iwe, sutha n'kulowetsa ulusi pasingano. Ukundinamiziranji?"

Mtsikanayo anayamba kulira, kulira kopanda mawu kumene kumagwedeza mapewa.

"Abambo anandilumbiritsa, amayi."

"Nena."

"Mkodzo sakutha kuugwira. Unayamba kudontha chaka chatha, pano ukumabwera ndi magazi. N'chifukwa chake anachoka kubedi kwanu. Ndinawapeza tsiku lina m'mawa akuchapa thalauza m'bafa, ndiye ndinawalanda. Kuyambira pamenepo ndimawachapira, n'kuthira mankhwala kuti fungo lisamveke. Timapiloto amasoka okha n'kumavala mkati. Ndinawauza kuti ndizikatentha, anakana, ati utsi mudzauona, kudzala mudzafukula, koma thanki imadya zonse."

"Chaka chatha?" Mawu a a Ndinanena anatuluka opyapyala. "Ine ndili m'nyumba momwemo?"

"Ndawachonderera za kuchipatala mpaka kugwada. Amati akapita mudziwa."

"Nanga ndikadziwa? Ndine chilombo ine? Zaka makumi anayi! Akuopa chiyani kwa ine?"

Mpongoziyo anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni pakhomopo, anawayang'ana apongozi ake m'maso.

"Amaopa mawu anu aja, amayi."

"Mawu ati?"

Sanawatchule. Panalibe chifukwa, msewu wonse unali utangowamva kumene.

A Ndinanena anatula chikwama pamutu pa mtsikanayo n'kuchinyamula okha. Chinali cholemera, ndipo manyazi anawagwira: mwana wa eni ake anavomera mlandu wonyansa, anavomera kutaya banja, kuti madala asachite manyazi. Anachilowetsa mpaka kuchipinda kwake n'kuchiika pabedi.

"Pepa, mwana wanga," anatero. Mawuwo anali achilendo m'kamwa mwawo, anatuluka mopunduka, koma anatuluka.

Kuseri injini inaliranso. Wopopayo anakuwa kuti asiya matope pang'ono pansi monga kale, ndipo iwo asathirenso mankhwala.

Chitseko cha kachipinda ka zida chinali chotsekedwa theka. A Ndinanena anachikankha. Munkamveka fungo la zikopa, la guluu, ndi fungo lina limene tsopano analizindikira. Madalawo anali atavala jekete ndi nsapato imodzi, inayo ili m'manja. Ankafuna kutuluka kukamuletsa mpongozi pageti, koma thalauza linali litanyowa kutsogolo, ndipo anakhala pampando wawo wamiyendo itatu ataphimba pamenepo ndi chipewa. Patebulo panali nsalu yamaluwa ofiira yosokedwa theka, singano ziwiri zikulendewera. Ndi liti anaonda chonchi? Kolala ya shati inkachita kuzungulira khosi. Iwo amene ankadziwa kuchuluka kwa zigamba za m'thumba, khosi la amuna awo sanalione.

Madalawo sanadzutse mutu. Anakweza mapewa pang'ono, mmene amachitira munthu woyembekeza kumenyedwa.

Ndipo mawu aja anabwera. Anakwera okha kuchokera pachifuwa mpaka kunsonga ya lilime, chifukwa zinali zoona: zaka ziwiri zapitazo, ataona kuti bamboyu akupita kukataya madzi pafupipafupi, ananena kuti pitani kuchipatala. Ananena ndithu, kangapo konse, pamaso pa alendo pomwe.

Analuma mlomo mpaka unawawa. Anatsegula sutikesi ya pakona n'kutulutsa thalauza louma. Kenaka anagwada pansi movutikira, anatenga nsapato inali m'manja mwa amuna awo, n'kuvula inayo.

"Sinthani, bambo," anatero. "Ndikuperekezani kuchipatala."