Mpira wa M'buku ndi Mpira wa ku Joni

Cyrus Mhone anali kalaliki pa doko la Nkhata Bay, ndipo mpira ankaudziwira m'buku. Bukulo anamusiyira mphunzitsi wake wa ku Khondowe. Linali lodzaza ndi zithunzi za amuna a ku Mangalande ovala makabudula ofika m'mawondo, ndipo linkanena kuti kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi mpira basi, nkumalipidwa. Tsiku limene Cyrus anawerengera zimenezi amuna onyamula katundu pa doko, iwo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Komabe ndi omwewo amene anapanga nawo timu. Loweruka lililonse ankawajambulira malo pansi ndi kamtengo. "Aliyense pamalo pake. Ukalandira, patsira mnzako. Buku likutero."

Mu 1956 mkulu wake Paston anatsika mu sitima ya Ilala, atatha zaka khumi ndi ziwiri ku migodi ya ku Joni. Anabwera ndi chipewa chopendekeka, chifuwa chosamva mankhwala, ndi jombo za mpira. Ataonerera timuyo kamodzi, anapukusa mutu.

"Iwe Cyrus, anthuwa akusewera kapena akupatsirana makalata mu ofesi? Ku Joni mpira umayamba wauvinitsa ngati malipenga. Oonerera amakupatsa dzina. Ine ankanditcha Njoka ya M'madzi."

"Achimwene, dzina siligoletsa chigoli."

"Nanga buku linagoletsapo?"

Anakangana milungu iwiri, mpaka linafika tsiku lokumana ndi timu ya ku Chintheche. Amuna a pa doko anasewera monga mwa buku, osavala nsapato, aliyense pamalo pake. Pofika nthawi yopuma anali atamwetsedwa ziwiri. Masiku amenewo kuno munthu akatopa wina ankangolowa, choncho Paston anamanga zingwe za jombo zake osapempha aliyense.

Mpira utamupeza, anadyetsa njomba munthu woyamba, wachiwiri anagwa chagada. Kenaka anaima, nkuuponda mpirawo, nkuvulira chipewa amayi amene anakhala m'mbali mwa bwalo. Nthungululu zinamveka mpaka ku msika.

"Patsirani, achimwene! Patsirani!" Cyrus anakuwa mpaka mawu kusasa.

Paston anadutsa wachitatu, koma chifuwa chinamugwira. Akuwerama, anaona Morgan, wonyamula katundu wofatsa amene sankachoka pamalo pamene Cyrus wamuika, ali yekhayekha kumanzere. Anamukankhira mpira ndi chidendene. Morgan anangoukhudza, chigoli.

Timu ya pa doko inagonjabe ziwiri kwa chimodzi, koma anthu anamunyamula Paston pamapewa akuimba "Ada Njoka! Ada Njoka!" Atamutsitsa, abale awiriwo anatsetsereka limodzi kulowera kunyumba, Cyrus atanyamula jombo zija chifukwa mkulu wake ankapuma movutika.

"Chigoli chija ndi changa," anatero Paston.

"Morgan anali pamalo pake."

"Ndiye tigawane, mng'ono wanga."

Anaseka onse, Paston nkutsokomola, nkusekanso.

Mvula itatha, Paston anabwerera ku Joni. Anati kuno kwamuchepera. Kalata yake yomaliza inafika mu 1959. Sanatchulemo za thanzi lake. Anangofunsa ngati bwalo lija likadali lopendekera ku mtengo wa mango, ndiponso ngati mpira ukadathawira m'munda wa chinangwa wa mayi Agatha. Cyrus anayankha tsiku lomwelo kuti inde, zonse zikadali choncho, ndipo mayiwo akadakalipa. Anadikira yankho chaka chimenecho ndi chinacho.