Tsiku Limene Bambo Aang'ono Anagonja

Adokotala anatiuzira pakhonde la chipatala kuti khansa ya bambo yafalikira mpaka kuchiwindi, ndipo atsala ndi milungu yowerengeka. Amayi analamula pomwepo kuti mwiniwake asauzidwe. Tinabwera nawo kunyumba titawanamiza kuti ndi zilonda za m'mimba. Bodzalo linkandinyansa, koma ndinalisunga.

Amene ndinkawaopa anali bambo aang'ono, chifukwa pakamwa pawo palibe chitseko. Iwo ndi bambo ankakangana Lamlungu lililonse kuyambira ine ndisanabadwe. Bambo anagwira ntchito zaka makumi atatu pafakitale yoluka nsalu, ali mlembi wa bungwe la ogwira ntchito, ndipo ankakhulupirira chikomyunizimu ndi mtima wonse. Bambo aang'ono ali ndi kashopu ka misomali ndi penti, choncho amadziwerengera m'gulu la makapitalisiti, ngakhale denga la shopuyo limadontha.

Mkangano wake unali womwewomwewo. Bambo ankati ufulu wovota ndi wachabe kwa munthu wogona ndi njala, ndipo fakitale iyenera kukhala ya amene amakhetsamo thukuta. Mng'ono wawoyo ankayankha kuti kumene boma lili ndi fakitale, nyuzipepala ndi ndende, munthu wodandaula alibe kothawira. Palibe anagonjapo ngakhale kamodzi. Pa maliro a agogo anakakanganira kuseri kwa galimoto.

Lamlungu lotsatira amayi anawatchingira bambo aang'ono pakhomo.

"Alamu, chonde, pakamwapo. Sakudziwa kanthu."

"Ndine mwana ine?" anatero bambo aang'ono, n'kulowa kuchipinda.

Ine ndinali momwemo, ndikupinda zovala. Bambo anali atatsamira mapilo awiri, wailesi ili pambali, ndipo sanadikire n'komwe moni.

"Wamva, iwe? Fakitale ija eni ake atsopano aitseka. Anthu mazana anayi achotsedwa ntchito. Ufulu wako uja ndi umenewu. Akadye mavoti?"

Ndinadikira yankho la masiku onse. Koma bambo aang'ono ankangoyang'ana mkono wa bambo, pomwe wotchi inali itatsetserekera pafupi ndi chigongono.

"Mwina mukunena zoona, achimwene. Ndaganizaganiza. Munali ndi mfundo nthawi yonseyi."

Bambo anazimitsa wailesi.

"Nanga mizere ya buledi ya kumayiko a chikomyunizimu umandinyoza nayo ija? Nanga anthu omangidwa chifukwa cha nthabwala?"

"Zisiyeni izo. Mwapambana ndinu."

Ndinalakalaka kuwagenda ndi pilo bambo aang'onowo. Mawu amene amayi anawaletsa sanawatchule, inde, koma pamenepa anali ataulula zonse. Bambo anawayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine, ndipo mtima wanga unasweka chifukwa nkhope yawo inalibe mkwiyo.

"Uyu sanandivomerepo kanthu chibadwire chake," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga, tseka chitseko ukhale apa."

Ndinatseka, n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Adokotala anati milungu ingati?"

Kukhitchini amayi ankatsuka mbale. Bambo aang'ono anali atayamba kale kulira, mapewa akugwedezeka ngati a mwana wasukulu.

"Inayi," ndinatero. "Mwina isanu ndi umodzi."

Bambo anatseka maso n'kuwerenga ndi zala pabulangete, pang'onopang'ono. Atatsegula, anakoka mng'ono wawo pamkono wa malaya.

"Ndiye atsala Malamlungu ochepa, ndipo limodzi wandiwonongera kale. Pukuta mamina, unditsutse bwinobwino. Ndisanafe usandiike m'manda."