Masiku Asanu ndi Awiri a Makapisozi

Kunyumba onse ankamutchula Sisitala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Ntchito yake inali pansi pa chipatala, m'chipinda chopanda zenera, kumene zida za opaleshoni zimatsikira zili magazi okhaokha. Ankazitsuka, kuziumitsa, kuzikulunga m'nsalu ziwiri, kumata tepi, kulemba deti, n'kuzilowetsa m'makina a nthunzi. Mizere ya pa tepi ikada, ndiye kuti kachilombo kalikonse kafa. Ikapanda kuda, phukusi limabwerera. Likagwa pansi, limabwerera. Deti likapitirira ndi tsiku limodzi lokha, ngakhale palibe walikhudza, limabwerera. Anagwira ntchitoyi zaka 22, ndipo palibe bala linaolapo chifukwa cha dzanja lake.

Bambo ake anali wokonza masikelo, a m'mabutchala ndi a m'masitolo, mpaka maso atayamba kuwakana. Chimwalirireni mayi, ankakhala kwa Sisitala, m'chipinda choyang'ana kumsewu.

Pa 9 Januwale bambowo anadwala chibayo. Anamwa mankhwala opha tizilombo masiku khumi, chifuwa chinatha. Pa 27 Januwale anayamba kutsegula m'mimba, kasanu ndi kawiri pa tsiku, nthawi zina kakhumi. Anawapatsa mankhwala ena, kunasiya, kenako kunayambiranso pa 12 Febuluwale. Anawapatsanso, kunasiya, kunayambiranso pa 28. Pa 1 Malichi anawagoneka m'wodi, m'kachipinda kaokha. Munthu amene mu Disembala ankalemera makilogalamu 68 tsopano anali pa 55.

"Sikelo yanuyi ikunama ndi magalamu mazana atatu," anauza namwino. "Ndibwerekeni sikuludiraiva."

"Mukachira mudzatikonzere zonse, agogo."

M'mawa ankalankhula choncho. Koma ikakwana masana mutu unkasokonekera. Ankafunsa ngati mayi abwera kumsika, ankafuna nsapato kuti apite kuntchito, kenako ankangoyang'ana khoma, osafuna munthu.

Lolemba pa 3 Malichi dokotala, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anaitana abale. Panali Sisitala ndi mlamu wake, mkazi wa mlongo wake wamng'ono. Mlongoyo anali dalaivala wa thiraki, ndipo mwezi umenewo anali kutali. Mlamuyo ankagulitsa masamba ndi zipatso pamsika, ndipo anabwera ndi dothi m'zikhadabo.

"Bambo, m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tambirimbiri, ndipo tambiri ndi tothandiza," anatero dokotala. "Timadya zimene ife sitigaya bwino, monga nyemba, masamba ndi zipatso, n'kupanga zinthu zolimbitsa matumbo. Zina zimakhudza mpaka bongo, ngakhale pamenepo sitikudziwabe zambiri. Mankhwala a chibayo aja anapha toipa ndi tabwino tomwe. Panatsala kamodzi kovuta, ndipo popeza kalibe wopikisana nako, kadzaza paliponse. Tikakamenya ndi mankhwala kamabisala, tikasiya kamadzuka. Kusokonezeka kwa masanaku n'chifukwa cha poizoni wake ndi madzi amene mukutaya."

"Ndiye kuti ndine landilodi, mwini nyumba za lendi," anatero bambo. "Munandithamangitsira alendi onse, n'kundisiyira chidakwa chimodzi."

"Ndendende. Tsono tikufuna tikulowetsereni alendi atsopano. Timatenga chimbudzi cha munthu wathanzi, kuchisungunula, kuchisefa, n'kuchilowetsa m'matumbo mwanu ndi kapaipi. Mwa anthu khumi, asanu ndi atatu kapena kuposa amachira."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwamva, Sisitala? Matewera ako ndinachapapo ine. Tsopano zibwerera kwa mwini wake."

"Abambo, pali anthu."

Dokotala anati wopereka ayenera kuyezedwa magazi ndi chimbudzi, ndipo zotsatira zimatenga masiku khumi chifukwa zina zimapita ku labu yakutali. Anati ndi bwino kuyeza anthu awiri.

"Ineyo ndilipo," anatero mlamu. "Mimba yanga ndi ya chitsulo, sinandivutepo."

"Mmodzi akwana, alamu," anatero Sisitala. "Ndine mwana wawo."

Sananene zina zimene zinali mumtima: kuti mlamuyo amadya mango osatsuka, amalandira ndalama ndi dzanja lomwelo akudyera. Chiyambireni matendawa, Sisitala anali atabweza kangapo mapoto a nyemba ndi masamba ochokera kwa mlamuyo. Bambo ankadya mpunga woyera, buledi ndi tiyi wa madzi owiritsa kawiri, m'mbale zoviikidwa m'madzi otentha.

Lachiwiri pa 4 Malichi Sisitala anapereka magazi ndi kabotolo kake ka chimbudzi. Anayankha mafunso a papepala: shuga, ayi, matenda a chiwindi, ayi, mankhwala opha tizilombo m'miyezi itatu yapitayi, ayi. Iye anaona ngati funso limeneli likufuna kudziwa ngati anadwalapo.

"Musasinthe chilichonse," anatero dokotala akutuluka. "Muzikhala mmene mumakhalira."

Zotsatira zinabwera Lachisanu pa 14 Malichi, zopanda vuto. Chipinda choonera m'matumbo chinali ndi malo pa 21. Sisitala anatsika masitepe ndi pepalalo m'thumba, mtima utapepuka koyamba m'miyezi iwiri.

Masana omwewo ankayendera mashelefu, monga ankachitira Lachisanu lililonse. Anapeza phukusi la masizasi la deti lothera dzulo lake. Linali lomata bwinobwino, loyera, koma analitsitsa osaganiza kawiri. Ali nalo m'manja anaima. Anatulutsa pepala lija. Pamwamba pake panalembedwa tsiku loperekera: 4 Malichi.

Anawerenga masiku. Kuchokera pa 4 kufika pa 21 ndi masiku 17. M'masiku khumi apitawo anali atadya kangapo kukantini, atakwera basi m'mawa ndi madzulo, atatsuka zida za odwala osawadziwa. Pepala linkanena za munthu wa pa 4 Malichi. Ndipo chinthu chimene chinali kudzalowa m'thupi la bambo ake chinali chonyansa kuposa chilichonse chimene chinatsikirapo m'chipinda chake. Pa zaka 22 sanalolepo kanthu kukwera kwa wodwala kasanadutse m'makina. Iye sakanalowa m'makina, koma njira ina inalipo.

Kufunsa dokotala anakuganizira. Koma akanayamba bwanji, mayi wamkulu ngati iye, kufunsa mmene angayeretsere chimbudzi chake? Komanso kuyeretsa sikunali kusintha kanthu. Ndi mmene ankakhalira.

Poweruka anadzera kusitolo ya mankhwala ya pakona. Wogulitsayo ankamudziwa.

"A Sisitala, lero tikuthandizeni chiyani?"

Anatchula dzina la makapisozi amphamvu, opha tizilombo tamitundu yambiri. Wogulitsayo sanafunse pepala la dokotala. Ndani angafunse Sisitala?

Anamwa katatu pa tsiku, motalikana maola asanu ndi atatu, kuyambira pa 14 mpaka pa 20. Anasiya masamba ndi zipatso, nayenso n'kumadya mpunga woyera. Tsiku lachisanu m'mimba munayamba kubwata ndi kufewa. Anati ndi zoipa zikutuluka.

Lachisanu pa 21 Malichi anafika 7 koloko m'mawa ndi kabotolo kokulungidwa m'nsalu ziwiri. Bambo anali atasiyitsidwa mankhwala awo masiku awiri m'mbuyomo, atamwa zotsuka m'matumbo, atavala gauni yotsegula kumsana. Sikelo inati 51. Dokotala anatenga cholembera ataimirira.

"Timafunso tomaliza. Chiyezereni, mwatenthako thupi?"

"Ayi."

"M'mimba?"

"Mwafewa pang'ono, koma n'chifukwa cha makapisozi."

Cholembera chinaima.

"Makapisozi ati?"

Sisitala anatulutsa kabokosi kopanda kanthu. Anali atakasunga dala, poganiza kuti dokotala adzafuna kulemba dzina lake. "Ndamaliza dzulo. Ndimafuna ndiwapatse zoyera."

Dokotala anawerenga kabokosiko, anakatembenuza, n'kukhala pampando.

"Mayi, timafuna tizilombo tanuto. Ndi timene tinali mankhwala."

"Koma ndapha toipa tokha."

"Makapisozi sasankha. Zimene zinachitikira bambo anu mu Januwale, mwazichita m'mimba mwanu. M'kabotolomu mwatsala zochepa, ndipo mwina muli kachilombo komwe kaja. Sindingawapatse."

"Ndidikire masiku angati?"

"Miyezi itatu. Pa 20 Juni." Dokotala anapukuta kumaso ndi dzanja. "Ndinayenera kukuuzani momveka, ndi mawu ake. Ndinaona yunifolomu, ndinaganiza kuti mukudziwa. Mlamu wanu uja ali kuti?"

Mlamu anabwera pasanathe ola, epuloni ili m'chiuno, atasiyira mnzake benchi. Anamva nkhani yonse m'khonde. Sisitala anadikira mawu amene iye mwini akananena akanakhala mlamuyo. Mawuwo sanabwere.

"Kabotolo kali kuti?" anatero mlamu. "Bola andipatse kakakulu, ine sindichita zinthu mwaumbombo."

Dokotala anaimba mafoni atatu, ndipo a ku labu analonjeza masiku asanu ndi awiri m'malo mwa khumi: Lachisanu pa 28. Sisitala anapempha kuti angowapatsa osayeza. Dokotala anakana. Munthu wofooka chotere, anatero, kachilombo kamodzi kobisika kangamumalize tsiku limodzi. Bambo anawabwezera pa mankhwala ndi pa diripi.

Loweruka bambo anatsegula m'mimba kakhumi ndi kawiri. Lamulungu kunasiya mwadzidzidzi, ndipo Sisitala anasangalala mpaka ataona nkhope ya namwino. Mimba inali itayamba kutupa, yolimba ngati ng'oma. Matumbo anali atasiya kuyenda. Dokotala wa opaleshoni anabwera, anamvetsera mtima, anawerenga za impso, n'kunena kuti thupi limeneli silingadzuke patebulo.

Lolemba pa 24, cha m'ma 9 koloko m'mawa, bambo anatsegula maso ali bwinobwino.

"Sisitala. Alendi anga aja ali kuti? Ndinasesa nyumba Lachisanu."

Sisitala akanatha kunena kuti makina anawonongeka, kapena kuti dokotala anasintha tsiku. Anakokera mpando pafupi ndi bedi n'kuwauza zonse, kuyambira pa phukusi la masizasi mpaka pa kabokosi. Ananenanso za mlamu, kuti anadzipereka pa 3 Malichi ndipo iye anamukaniza. Bambo anamvetsera maso ali kudenga.

"Unamwa angati?"

"Makumi awiri ndi mmodzi."

"Osaphonyako?"

"Osaphonya."

"Pa nthawi yake?"

"Pa nthawi yake, abambo."

"Ndinadziwa." Anasuntha dzanja lokhala ndi diripi mpaka linakhudza la Sisitala. "Iwe ukanakhala waulesi ngati mlongo wako, bwenzi nditachira."

Anafuna kuseka koma mimba inawaletsa. Sisitala anagwira dzanjalo, lopepuka ngati la mwana.

"Usalire, ukudontheza pa bedi la eni. Uwauze alamu ako andiphikire nyemba zija umabweza. Ndinkazimva fungo pakhomo."

Mlamu anaphika tsiku lomwelo n'kubwera nazo zikadali zotentha. Koma pachitseko panali patapachikidwa kale chikwangwani choletsa chakudya ndi madzi omwe. Poto anakhala pawindo mpaka madzulo. Masana amenewo bambo anafunsa za mayi, kenako sanafunsenso kanthu.

Anamwalira Lachitatu pa 26 Malichi, nthawi ili 3:40 masana. Mlongo wake wa Sisitala anafika usiku wake, ndipo anawaika m'manda Lachinayi.

Lachisanu m'mawa akazi awiriwo anali m'chipinda choyang'ana kumsewu, akuchotsa zofunda pabedi. Mlongo anali panja ndi anthu obwera kudzapepesa. Nthawi ili 10:20 foni ya mlamu inalira m'thumba la epuloni. Inali foni yakale, yolankhula mokweza ngati wailesi, ndipo Sisitala, ali tsidya lina la bedi, anamva mawu onse. Anali kalaliki wa ku labu, mtsikana wa mawu okoma amene sanauzidwe kanthu. Anati zotsatira zatuluka, zonse zili bwino kwambiri, palibe vuto ndi limodzi lomwe, ndipo wodwala akhoza kulandira ngakhale lero.

"Zikomo, mwana wanga," anatero mlamu, n'kudula.

Anabwezera foni m'thumba, osakweza maso.

"Anali ndani, alamu?" anafunsa Sisitala.

"Aa, olakwitsa nambala. Akufuna munthu wogulitsa matayala."

Sisitala anamuyang'ana kanthawi. Kenako anagwedeza mutu, anatola ngodya ziwiri za nsalu ya pabedi, n'kudikira kuti mlamu atole zinazo.