Tango ya Bambo Lyson

"Nanga awa, titaye?" Chawezi anafunsa mlongo wake Ida, atakumbatira katoni ya ma CD.

Ida anangoyang'ana kumbali. Maliro a bambo awo, a Lyson, anali atatha Loweruka, ndipo tsopano ankalongedza katundu m'nyumba ya ku South Bend kuti mayi awo, a Vainess, asamukire kwa Ida ku Indianapolis.

"Kwanga kulibe malo," Ida anatero motsitsa mawu.

Ma CD onsewo anali a munthu mmodzi, mtsogoleri wa gulu loimba tango ku Argentina kale kwambiri, woimba piyano amene ngakhale okonda tango ambiri sankamutchula. A Lyson anamumva koyamba kunyumba yosungirako okalamba kumene ankagwira ntchito, m'chipinda cha gogo wina wa ku Buenos Aires amene iwo ankamusambitsa. Kuyambira pamenepo ankangomutcha "achimwene anga aja". Ankati enawo amaimba kuti awombere m'manja, koma achimwenewo amatsitsa piyano yawo dala kuti anzawo amveke. Ana ankangoseka.

Ali m'chipatala, a Lyson anagwira mkono wa Ida ndi kumupempha kuti pamaliro adzaike nyimbo imodzi yokha ya achimwenewo. Ida analonjeza. Koma akulu a mpingo atabwera kudzakonza mwambo, iye anachita manyazi. Nyimbo yovina amuna ndi akazi atagwirana, pamaso pa abusa? Anthu akanati chiyani? Sanaitchule nyimboyo, ndipo kwaya inaimba nyimbo zake.

"Bweretsa kuno," anatero a Vainess ali pakhomo la chipinda. "Ida, ika imodzi."

"Amayi, tichedwa. Msewu ndi wautali, mawa ndili pa shifiti."

"Ndati ika. Pamaliro sinalire, ilire pano."

Ida anatembenukira kwa mayi ake. "Anakuuzaninso?"

"Ndinali pampando kuseri kwa katani m'chipatala muja. Nanenso sindinalankhule, mwanangu. Tinachita manyazi tonse."

Chawezi anatsitsa katoni pansi. Ida anagwada pafupi ndi wailesi yakale ya bambo awo, nalowetsa CD. Nyimbo inayamba, koma inkamveka patali ngati ikuchokera kunyumba ya eni. Mavayolini ankalira pamwamba, piyano ikuyenda pansi pawo mwakachetechete. Aka kanali koyamba kuti Ida aimvetsere mpaka kuizindikira piyanoyo.

Anafuna kukweza mawu, koma kabatani sikanatembenuke. Atayang'anitsitsa anaona kuti kanali komatidwa ndi selotepi yachikasu, yakalekale.

"Chawezi, wamata ndiwe?"

"Ine ayi."

"Ndi bambo ako," anatero a Vainess. "Chaka chija unkawerengera mayeso a unamwino, unawakalipira kuti akukusokosera. Anamata tsiku lomwelo kuti angaiwale n'kukweza."

"Koma ndinachoka pano kalekale, amayi."

"Ndinawauza kuti amatule. Ankati mwina mwana abwera kudzawerenga."

Ida anagwira nsonga ya selotepi ija ndi chala, kenako anaisiya.

"Ndiye nyimbozo ankazimva bwanji?"

A Vainess anavula nsapato, nakhala pansi pang'onopang'ono atagwira bondo, natsamiritsa khutu lawo pa sipika, maso ali otseka. Kenako anasendera pang'ono, kumusiyira Ida malo.