Chidole Chopanda Mwambo

Kwa miyezi inayi yathunthu Ophelia ankapanga filimu yake ya zidole zadothi m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azakhali ake, a Anastasia, ku Balaka. Inali ntchito yowawitsa msana: kusuntha chidole pang'ono chabe, kujambula, kusunthanso, kujambulanso. Zithunzi khumi ndi ziwiri ndiye sekondi imodzi. Filimuyo inali ya mtsikana wa ku Nselema amene akukana kusiya sukulu pamaso pa bambo ake.

Lachinayi Ophelia anapita ku Liwonde kukagula penti, n'kusiya chidole cha mtsikanayo chitaimirira, dzanja lili m'mwamba. Pobwera anachipeza chitagwada, mawondo atang'ambika, manja ali pachifuwa.

"Azakhali! Walowa muno ndani?"

"Ndine," anayankha a Anastasia ali pakhonde, osasiya kusankha nandolo. "Ndimasesa, ndiye ndaona kamwana kopanda mwambo kakuloza bambo ake chala kataimirira. Ndakakonza."

Ophelia anathamangira pakhondepo. "Mwakakonza? Mwandiphera ntchito ya masabata atatu! Mtsikanayo ayenera kuimirira, nkhani yonse yagona pamenepo!"

"Iyayi. Anthu akaonera adzati analeredwa ndi ndani?"

"Ndi dothi limenelo, azakhali! Dothi la kudambo!"

A Anastasia anaika lichero pansi, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ophelia sanaleke kukalipa: za kamera, za zithunzi zotayika, za mpikisano wa mafilimu wa mwezi wamawa. Anazindikira mochedwa kuti mawu onsewo ankawanena atagwada pamaso pa azakhali akewo, monga mwa chizolowezi.