Posita Yomaliza ya a Tata

Ambokile atakweza chivundikiro cha bokosi lake la maposita, anapeza mulibe posita ngakhale imodzi. Mapepala oyera amene ankayala pakati pa posita ndi inzake anali atapindidwa bwinobwino pakona, magolovesi ake ansalu ali pamwamba. Anagwada pamatope amene madzi osefukira anasiya m'chipindamo, n'kupisa dzanja mpaka pansi pa bokosilo. Ankadziwa kuti posita yaitali kufika m'chifuwa singabisale pakona, koma anapisabe.

"Febby!" anakuwa. "Febby, iwe!"

Febby anali mlongo wake wamng'ono. Nyumba yake inali kuseri kwa mpanda, ndipo ndi iye amene ankasunga kiyi Ambokile akachokapo. Analowa akumwetulira, atakumbatira chikwama chachikulu cha pulasitiki.

"Musakuwe, achimwene, palibe chatayika. Ndakukonzerani zonse."

Anakhuthulira chikwamacho patebulo. Zinthu zonyezimira, zolimba, zinatsetsereka zikulira khwekhwerere. Ambokile anatola chimodzi. Panali bondo la munthu ndi matako a kavalo. Anatola china. Panali diso limodzi la mkazi, khutu, ndi zilembo zoduka.

Maposita amenewa anali a malemu bambo awo, a Lyson, amene ankaonetsa mafilimu kuseri kwa msika wa pa Boma, nthawi imene kanema m'nyumba anali wa anthu owerengeka. Anali a mafilimu akalekale, a nkhonya ndi mateche, a ku India ovina m'minda ya maluwa, a anthu azipewa zikuluzikulu okwera pa akavalo. Chivomerezi chachikulu chija chitagwetsa holo ya kanemayo, ndi Ambokile amene anatsika kuchokera ku mgodi wa Kayelekera, kumene ankayendetsa lole, n'kufukula njerwa ndi manja kuti awatulutse. Bambo awo sanakhalitse pambuyo pake. Maposita ena anachita kuwasaka yekha, ku Chilumba, ku Songwe, mpaka kutsidya ku Kyela.

Anthu ankamuseka kuti amasamala mapepala kuposa ng'ombe, ndipo sankanama. Bokosilo anachita kukhometsa kwa kalipentala, lotambalala, kuti posita izigona osapindika. Linkakhala panjerwa, njerwazo atazipaka oyilo wakuda kuti chiswe chisakwere. Mapepala oyalawo anali apadera, osachita chikasu akakalamba, ochita kuitanitsa ku Dar es Salaam. M'makona ankaikamo timapaketi toyamwa chinyontho, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, moti ogulitsa nsapato onse mumsika ankati akamuona akubwera, ankayamba okha kumufunira. Fumbi ankachotsa ndi kaburashi kofewa ka ometa tsitsi. Selotepi, guluu, mapini ndi dzuwa anali adani ake. Dzanja lopanda golovesi silinkaloledwa m'bokosimo, ngakhale la mlongo wake.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Lamineshoni," anatero Febby monyadira. "Mtsinje wa Rukuru utasefukira, inu muli ku Chilumba, msewu utaduka, ndinawatulutsa ndekha. Ndiye ndinati zimenezi zisadzachitikenso. Mwaiwala setifiketi yanga ya Fomu 4 mmene inasungunukira m'madzi a chaka chija? Ya mnzanga Hilda inapulumuka chifukwa inali yolamineta. Panopa awa ngakhale muwaponye m'nyanja, atuluka ali gwa."

Apa tinene zoona, Febby sanali woyamba. Kwathu kuno, kumene madzi amalowa m'nyumba osaodira, chilichonse chimene munthu amachikonda amakachitsekera mupulasitiki: setifiketi, khadi la ubatizo, chithunzi cha ukwati. Akanakhala kuti makina aja amalola, ena akanalamineta ndi ana omwe.

"Nanga kudula? Wadula ndani?"

"Makina a Nasri, wa shopu yolamineta, ndi aang'ono. Anati posita yonse singalowe, koma mzidutswa. Mukazilumikiza patebulo zimaoneka bwinobwino, taonani."

Ambokile sanaone. Ankadziwa chimene mlongo wakeyo sankadziwa, kuti pulasitiki yomatidwa ndi moto simatuka. Ukaikakamiza imachoka ndi utoto womwe, n'kukusiyira pepala lotuwa. Zaka zonse zotchingira chiswe, mphemvu ndi nkhungu, mdani anali kuseri kwa mpanda, ali ndi kiyi m'manja. Anakwiya mkwiyo woti akanakhala mwamuna mnzake akanamuwomba khofi.

Anayamba kusanthula zidutswazo, kuponya uku ndi uku. Ankafuna imodzi. Inali posita yoyamba imene a Lyson anapachika tsiku lotsegulira holo, yachikasu, ya amuna awiri odumphirana m'malere, mapazi ali patsogolo. M'munsi mwake bambo awo analembamo okha ndi penti yabuluu. Palibenso china chimene chinatsala chokhala ndi dzanja lawo.

"Ya a Tata ili kuti?"

"Yatsala kwa Nasri. Magetsi anazima asanaifike. Anati akangoyaka, ayambira imeneyo."

Febby asanatseke pakamwa, babu la pamwamba pa mitu yawo linaphethira, kenako linayaka, dzuwa lili phwee panja. Onse awiri analiyang'ana.

"Kyala, Mulungu wanga!" anatero Ambokile, n'kutuluka wopanda nsapato.

Wakabaza amene anamunyamula anaona zakuda tsiku limenelo. Msewu unali matope okhaokha, pouma paliponse anthu atayanikapo mpunga, matiresi ndi makope a ana asukulu. "Palasa, mwana iwe! Ukupalasa ngati wanyamula mazira!" Wakabazayo anayankha kuti njinga si ndege, ndipo ngati madala akufulumira atsike athamange. Pafupi ndi depoti ya maminibasi, Ambokile anatsikadi n'kuthamanga.

Shopu ya Nasri inali kachipinda kamodzi pakati pa ogulitsa mafoni ndi telala. Nasri anali mnyamata wa ku Mangochi, waulemu, wachangu, wodziwika kuti sachedwetsa kasitomala, ndipo tsiku limenelo changu chakecho ndi chimene Ambokile ankachiopa. Pakhomo panali mzere wa anthu atagwira mapepala onyowa. Fungo la pulasitiki yotentha linamulandira asanalowe. Anakankha anthu, mayi wina n'kumutukwana m'Chitumbuka, iye osatembenuka.

Posita yachikasu inali patebulo. Nasri anali ataweramira pamenepo, dzanja limodzi litapanikiza lula yachitsulo, linalo likutsetsereka ndi lezala.

"Leka!"

Lezala linali litafika kale m'munsi. Posita inapatukana pakati mwakachetechete, wankhonya mmodzi uku, mnzake uko.

"Aa, madala, mwafika," anatero Nasri akumwetulira. "Musade nkhawa, ndayeza bwinobwino. Onani, nkhope sindinadule ngakhale imodzi. Kwatsala kudula chopingasa basi, kenako tilowetse."

Ambokile anazula chingwe cha makina pakhoma mwamphamvu moti soketi inatsala ikulendewera.

"Ukangoigwiranso, ndikulowetsa iweyo m'makinamo! Ukudziwa chimene wadula? Pepala ili ndi lalikulu kuposa iwe! Lapirira chivomerezi, lapirira chiswe, lapirira madzi, kuti lidzafere pa lezala lako lometera ndevu?"

"Pepani, madala, koma ine ndinafunsa. Ndinati mayi, izi n'zazikulu, tidule? Iwo anati chitani zoti zisanyowenso. Ine ntchito yanga ndi imeneyi. Anthu onsewa akufuna zomwezo."

"Ndi zoona," anatero bambo wina pamzere, atagwira setifiketi ya ukwati yofufuma. "Tabwezani chingwecho, akulu, magetsiwa sakhalitsa."

Nthawi yomweyo Febby analowa ali wefuwefu, matope mpaka m'maondo. Ambokile anamutembenukira. Pagulu la anthu, pamaso pa mlendo, analankhula mawu amene munthu sayenera kuuza mwana wa mayi ake.

"Taona. Wawapha kachiwiri a Tata. Ndiwe chitsiru, Febby, ndipo kiyi wanga undipatse lero lomwe."

Febby anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje chake n'kumuponya pansi, pamapazi a mchimwene wakeyo. Maso ake anali ofiira, koma sanalire.

"A Tata anu nokha, eti? Ine ndinachita kutoledwa pamsika? Ndani ankasesa makoko a mtedza muholo muja? Ndani ankaphika phala la chinangwa lomatira maposita anuwa pakhoma? A Tata ankawagwira ndi manja a oyilo wa jenereta, ankawapinda n'kuika m'thumba la jekete. Inu mwawatsekera m'bokosi ngati maliro. Zaka zonsezi posita imeneyi ndaiona kangati? Ndikapempha, mumati kaye ukasambe m'manja, ndikasamba mumati kunja kuli chinyontho. Ana anga sadziwa n'komwe kuti agogo awo ankalemba bwanji!"

"Ndinkawasunga!"

"Munkasungira ndani? Ine ndinaima m'madzi ofika m'chiuno, ndikusenza mapepala anu kupita nawo kutchalitchi, kwanga mpunga ukumira. Ndalakwa, inde, sindinadziwe. Mukanandiuza bwanji, poti simundiuza kanthu koma kuti usagwire? Ine ndimafuna tiziwagwira, achimwene. Basi."

Anatuluka. Anthu apamzere anamupatsa njira mwaulemu umene sanam'patse Ambokile.

Mawu amenewo sanamufewetse ayi. Anamuwonjezera ukali, chifukwa munali zoona, ndipo munthu wokwiya safuna zoona za mnzake. Analamula Nasri kuti am'patse makatoni awiri aakulu. Anagoneka zidutswa ziwirizo pakati pake, atazigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, n'kusenza pamutu. Wakabaza anakana, kuopa mphepo. Anayenda wapansi kudutsa Boma lonse, bambo wamkulu wopanda nsapato, makatoni pamutu, anyamata a pa depoti akumufunsa ngati wayamba geni ya mandasi.

Kunyumba anapukuta bokosi, anayala pepala loyera, anavala magolovesi. Anagoneka zidutswa ziwirizo moyandikana n'kuzikankhira pamodzi pang'onopang'ono. Zinakumana, koma mzere wa lezala unkaonekabe kuchokera pamwamba mpaka pansi. Selotepi ikanautseka, koma selotepi imadya pepala. Anakhala pansi n'kumangoyang'ana.

Zilembo za a Lyson zinali zopendekeka, penti itayenderera pang'ono. Lezala linadutsa pakati pa mawuwo. Kumanzere kunatsala akuti LERO MASANA. Kumanja kunapita akuti ANA AKHALE KUTSOGOLO.

Kutsogolo kunali mphasa. Ambokile anaikumbuka, ndi fungo la jenereta, ndi kutentha kwa malata. Anakumbukanso kamtsikana kamene kankakhala pambali pake nthawi zonse, manja akadali onata ndi phala la chinangwa. Nkhonya zikayamba pakanema kankatseka maso n'kumugwira malaya, ndipo iye ankapita kunyumba malaya ali ndi zidindo za zala. Ankamukalipira ngakhale nthawi imeneyo.

Anatukwana chamumtima, anatukwana Nasri, makina ake, mtsinje wa Rukuru ndi amene anayambitsa pulasitiki. Kenako ananyamula chidutswa chakumanja, n'kuchiika pakati pa mapepala oyera awiri ndi makatoni aja. Anatapa timapaketi ta chinyontho, anavula magolovesi n'kuwaika m'thumba, n'kuzungulira kuseri kwa mpanda.

Febby anali atagwada pabwalo, akuyanika mpunga wonyowa pa tenti yabuluu. Wambiri unali utayamba kale kumera. Sanadzutse mutu.

Ambokile anaika makatoniwo pakhonde, pamthunzi, n'kutsegula.

"Osapinda," anatero mwaukali. "Osapachika padzuwa. Osamata ndi chilichonse. Uike pamwamba, osati pansi. Ndipo ukangoyerekeza kudutsa nayo pafupi ndi shopu ya Nasri, ine ndi iwe tithana."

Febby anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera kudzayang'ana.

"Sindinakukhululukire," anawonjezera Ambokile.

"Sindinapemphe," anayankha Febby.

Anagwada pakhondepo. Milomo yake inkayenda powerenga mawu a bambo ake. Kenako anapukuta dzanja pachitenje, kupukuta kwa munthu wochokera pampunga, n'kulitambasula. Ambokile anakoka mpweya, mawu oti usagwire atafika kale pammero. Chala cha Febby chinatera pa penti yabuluu n'kutsata zilembozo chimodzichimodzi.

Chitachoka, pansi pa mawu akuti ANA panatsala kachidindo kofiirira ka matope. Ambokile anakaona bwinobwino. Magolovesi anali m'thumba mwake, dzanja lake litawafumbata, koma sanawatulutse.